Duku Lachikasu pa Mutu wa Sebastiao

Pa pulazi lina la fodya kufupi ndi Darwendale, kudziko la Mashona, m'zaka zija za chitaganya, panalibe munthu wosamudziwa Lazalo. Amayi akangomuona akubwera poteropo ankayamba kuseka iye asanatsegule n'pakamwa pomwe. Ngakhale kapitao, munthu amene mano ake ankaoneka kamodzi pachaka, akakumana ndi Lazalo ankayang'ana kumbali kuti asachite manyazi.

Lamulungu lililonse masana, anthu akaweruka ku mapemphero, komponi yonse inkakhamukira m'shedi yosankhiramo fodya kukaonera konsati. Sewero limene anthu sankatopa nalo linali la mtchona ndi jekete lake. Lazalo ankasanduka bambo amene anachoka ku Nyasaland kalekale, wosabwererako, wosalemba n'kalata yomwe, wopanda mkazi. Ankapachika jekete lakale pamsomali, n'kuligwadira, n'kulifunsa kuti, "Mwaswera bwanji, mayi a kunyumba?" Kenako ankalipakulira chakudya, kulikalipira kuti ndiwo zachepa mchere, kulipepesa, mpaka kuvina nalo. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti.

Chimene sankadziwa n'chakuti jeketelo linali la malemu bambo ake, amene anagona m'manda a papulazi pomwepo pafupi ndi mayi ake. Lazalo ankakhala yekha m'kanyumba kakumapeto, kufupi ndi mitengo ya bulugama, ndipo akaweruka ku ntchito ankalipatsadi moni jeketelo. Anali wosungulumwa kwambiri, koma zimenezi ndani akanamukhulupirira?

Mmodzi yekha ndiye anaona. Anali Esnat, mwana wa a Mcloud Kachingwe, mkulu wa mpingo. Tsiku lina anakumana panjira ya kusitolo, Lazalo n'kuyamba nthabwala zake monga mwa masiku onse, koma mtsikanayo anangomuyang'ana.

"Sewero lanu lija si loseketsa, a Lazalo."

"Ndiye kuti ndinu nokha pakomponi pano amene mulibe nthiti."

"Nthiti ndili nazo. Koma munthu amene sanayankhulepo ndi jekete m'nyumba mwake sangalidziwe choncho."

 Patapita miyezi itatu Lazalo anamupatsa Esnat chikole, duku lachikasu la madontho ofiira, ndipo Esnat analivala ku tchalitchi pamaso pa onse. Chake chobwezera anali asanapereke. Ankangoti, "Dikirani, ndikusoka." Lazalo ankavomera ndi pakamwa, koma mumtima munali kachitsotso kosachoka.

* * *

Vuto linali lakuti mwamuna sapita yekha kukafunsira mbeta kwa makolo. Pamafunika nkhoswe, mbale womuyimira. Lazalo analibe malume, analibe mkulu wake, analibe ngakhale msuweni wa kumtunda. Atadikira n'kutopa, anachapa malaya, n'kupita yekha kukagwada pakhomo pa a Mcloud.

A Mcloud anamumvetsera mpaka anamaliza, uku akupukuta magalasi awo pang'onopang'ono.

"Wabwera ndi yani, mnyamata?"

"Ndabwera ndekha, bambo."

"Ankhoswe ako ali kuti? Kapena wawasiya pamsomali?"

Lazalo anayang'ana pansi. Nthabwala imeneyo ikanakhala yake, komponi yonse ikanaseka.

"Tamvera," anapitiriza a Mcloud. "Ine sindidana nawe. Umatiseketsa, zikomo. Koma banja silimangidwa ndi phwete. Mwana wanga akadwala, udzamuvinira? Mukayambana, ine ndidzakamba ndi ndani? Kuyambira lero Esnat asayankhule nawe. Ku konsati kokha ndimulola, ndipo ndidzamuperekeza ndekha, kuti akaone ndi maso ake mwamuna amene akumufunayo akugubuduka m'fumbi."

Milungu iwiri inatha choncho. Esnat akamuona panjira ankatsitsa maso n'kudutsa. Duku lija ankavalabe, ndipo Lazalo ankakhalira moyo duku lomwelo. Akaliona patali pakati pa akazi, tsiku limenelo chakudya chinkatsika.

Ndiye anaganiza nzeru. Ngati amuletsa kuyankhula naye panjira, adzayankhula naye m'shedi, pamaso pa bambo ake omwe. Anawonjeza mathero atsopano pa sewero lija: mtchona agona, alota, jekete lisanduka mkazi wamoyo, ndipo kwa nthawi yoyamba mtchonayo auza munthu wopuma zimene wakhala akuuza nsalu. Mawu ake anawakonza mlungu wathunthu. Anali a Esnat, liwu lililonse.

Koma akazi sankaloledwa kusewera m'konsati. Mbali ya mkazi inkaseweredwa ndi mwamuna wovala deresi, ndipo papulazi limenelo mwamunayo anali Sebastiao.

* * *

Sebastiao anali woyendetsa thirakitala, wa banja la ku Tete, mnyamata wa tsitsi lonyezimira mafuta ndi mpata wa pamano. Anali ndi njinga, anali ndi azakhali, amalume ndi asuweni odzaza mzere wathunthu wa nyumba. Mwachidule, anali ndi zonse zimene Lazalo analibe. Ankadziwanso kuyenda monyang'wa ngati mkazi mpaka amayi enieni kuchita nsanje. Lazalo ankamufuna pa sewero, koma kumukonda ayi, chifukwa anali atamuona kangapo akuchedwetsa thirakitala pamene Esnat akudutsa.

Loweruka masana, Lazalo akuchokera ku damu, anawaona awiriwo kuseri kwa balani yowotcheramo fodya. Esnat, amene kwa milungu iwiri sanamupatse iye ngakhale moni, anali akuyankhula ndi Sebastiao mofulumira, akuyang'ana uku ndi uku. Kenako anatulutsa kanthu kokulunga m'pepala n'kumupatsa. Sebastiao anaseka, n'kukalowetsa m'malaya, pamtima penipeni.

 Lazalo anadikira Esnat apite, n'kumutsekera Sebastiao njira.

"Wakupatsa chiyani?"

"Ndani, shamwari?"

"Usandipusitse. Ndakuonani."

Sebastiao anamwetulira, mpata uja uli poyera. Anasisita pamalaya pomwe panali kapepalako.

"Izi ndi za akazi, mukoma. Iwe konza mawu ako, uona mawa."

"Wanena chiyani za ine?"

"Za iwe?" Sebastiao anakhala ngati akukumbukira. "Ayi, dzina lako sindinalimve."

Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma wansanje alibe nthawi yodikira nkhono. Lazalo anafika kunyumba, jekete osalipatsa n'moni womwe. Anakhala pachitsa n'kuyamba kulumikiza zinthu: chikole chosabwezedwa chija, maso otsitsa aja, thirakitala yochedwa ija. Pofika dzuwa kulowa anali atamanga mlandu wonse, ataweruza, n'kupereka chilango, woimbidwa mlandu asanafunsidwe kanthu.

* * *

Lamulungu shedi inadzaza mpaka ena kuima pakhomo. Lazalo anasuzumira kuseri kwa chiguduli chimene chinkatchinga osewera. Esnat anali kumbuyo, pafupi ndi mayi ake, ndipo a Mcloud anaima pambali atapinda manja. Kumutu kwa Esnat kunali duku lina, loyera la ku tchalitchi. Lachikasu lija kunalibe.

Sewero linayamba bwino. Mtchona anapatsa moni jekete, anakangana nalo za mchere, anavina nalo, anthu n'kuseka monga mwa nthawi zonse. Kenako anagona pamphasa n'kuyamba mkonono. Woimba gitala anatsitsa nyimbo. Chiguduli chinagwedezeka, ndipo mkazi wa m'maloto anatulukira akunyang'wa, deresi la maluwa, milomo yopaka.

Lazalo anatsegula maso monga anapanganira, n'kudzuka pang'onopang'ono. Anayang'ana kumapazi, anakwera ku deresi, anafika kumutu. Pamutu pa Sebastiao panali duku lachikasu la madontho ofiira.

Mawu onse a mlungu wathunthu anauluka. Sebastiao anaphethira maso, n'kukonza dukulo ndi nsonga za zala, n'kunena ndi kamawu kakang'ono, "Mwaswera bwanji, bambo a kunyumba? Simukundidziwa? Ndine uja mumandiyankhula tsiku ndi tsiku."

Apa ndi pamene mtchona ankayenera kugwada. Lazalo sanagwade.

"Ndikukudziwa," anatero. "Ndakudziwa mochedwa, koma ndakudziwa. Duku ili walitenga kuti?"

Sebastiao anazungulira ngati mkwatibwi. "Anandipatsa wondikonda."

Anthu anaseka. Ankaganiza kuti ndi mmene sewero latsopano likuyendera.

"Wokukonda? Ali angati okukonda? Tawerenga timve. Wa thirakitala, wa njinga, wa mafuta m'tsitsi." Lazalo anatembenukira kwa anthu. "Abale, ndinkayesa ndapeza mkazi, kani ndapeza mtondo wa pakomponi. Aliyense wobwera ndi chimanga chake asinjamo."

Shedi inagwedezeka ndi phwete. Amuna ankamenya mabenchi. Wina anakuwa kuti, "Muuze, mtchona!" Lazalo anali asanaseketsepo anthu chotero chibadwire, ndipo kuseka kwawoko kunkamuthira mafuta pamoto. Ankalira, misozi yeniyeni ikutsika, anthu n'kumati koma mnyamatayu ndi katswiri.

"Bola jekete langa," anapitiriza. "Silinandipatse kanthu, koma silinapatsenso wina. Ndikachoka ndimalipeza pamsomali pomwe ndinalisiya."

Anatambasula dzanja, n'kuzula duku pamutu pa Sebastiao, n'kulikweza m'mwamba kuti aliyense alione. Apa ndi pamene kuseka kwa akazi kunayamba kuzima, benchi ndi benchi. Pamutu pa mwamuna wopaka milomo ena sanalizindikire, koma m'mwamba muja panalibe mkazi wosalidziwa. Mitu inayamba kutembenukira kumbuyo.

Lazalo analiponya pansi.

"Ine ndasamba m'manja. Wolifuna alitole, atenge ndi mwini wake yemwe."

Mayi wina wa pabenchi yakutsogolo anawerama mosafulumira, n'kulitola, n'kulikung'untha fumbi, n'kulipinda bwinobwino. Anali a Felizarda, azakhali a Sebastiao. Kumbuyo kuja Esnat anali ataimirira. Sanalire. Anamuyang'ana Lazalo monga anamuyang'anira tsiku loyamba panjira ya kusitolo, kenako anatuluka, bambo ake akumupatsa njira.

Amuna anaomba m'manja nthawi yaitali. Ambiri a iwo anali asanamvebe chimene chachitika.

* * *

Lolemba, anthu ataweruka dzuwa likadalipo, Lazalo anapeza Esnat ataima pansi pa mitengo ya bulugama, pafupi ndi kanyumba kake. Lamulo la bambo ake anali atalithyola poyera, mopanda n'kubisala komwe.

"Ndabwera kuti mundione bwino," anatero. "Mtondo wa pakomponi uja ndi uno."

Lazalo anali atakonzeka kukalipa, koma mawu a Esnat anali ozizira moti anamuchotsa mphamvu.

"Unapatsa Sebastiao chikole changa," anatero. "Ndinakuona ndi maso angawa, kuseri kwa balani."

"Munandionadi. Ndipo munamva zimene ndinanena?"

"Ndinali patali."

"Ndiye ndikuuzeni, popeza makutu anu ndi aafupi kuposa maso. Ndinamva kwa woimba gitala kuti jekete lisanduka mkazi. Ndinadziwa kuti mawu amenewo mwakonzera ine. Ine pabwalo sindingaime, kukuyankhulani anandiletsa. Ndiye ndinati, duku langa likaime m'malo mwanga. Ndinamuuza Sebastiao kuti, mukawauze a Lazalo kuti dukuli ndine, zimene akanene mawa anene kwa ine, ndikhala ndikumva."

Lazalo anagwira mtengo.

"Sanandiuze. Anati dzina langa sunalitchule n'komwe."

"Ndipo inu munamukhulupirira iye."

"Ndinamufunsa."

"Munafunsa Sebastiao. Ine munandifunsa? Lamulo la bambo ndi limene linakuletsani? Nanga lero ine ndaima pano bwanji? Safunsa anadya phula, a Lazalo, koma inu phulalo mwandidyetsa ine."

Anamasula mfundo ya pansonga ya nsalu yake n'kutulutsa kampango koyera ka m'manja. M'mphepete mwake munali ulusi wachikasu, ndipo pakona anasokapo kajekete kakang'ono kopachika pamsomali.

"Ndinamaliza Lachisanu. Ndinati mukangomaliza mawu anu, ndiimirira pamaso pa bambo ndi komponi yonse, ndibwere kutsogolo ndikupatseni. Akanandimenya akanandimenya, koma aliyense akanadziwa kuti ndasankha. Ndinaimiriradi dzulo. Munaona mmene ndinaimirira."

Lazalo anagwada m'masamba ouma. Aka kanali koyamba kugwadira mkazi wamoyo popanda womuonera, ndipo sanadziwe poika manja.

"Esnat, ndalakwa. Nsanje inandidya mutu. Ndakhala ndekha nthawi yaitali, moti munthu akandikonda ndimayesa pali chinyengo. Ndipita kwa a Felizarda tsopano lino, ndikatenge duku, ndikapepese pamaso pa anthu onse."

"Mwachedwa."

"Sindinachedwe, dzuwa likadalipo."

"A Felizarda anafika kwathu m'mawa, ndi amuna awiri akwawo. Duku analiika pambale, n'kuvundikira."

Lazalo sanamve msanga tanthauzo lake, ndipo Esnat anachita kumufotokozera ngati mwana.

"Kuno si ku Nyasaland. Kuno ku Mashona, mtsikana akapatsa mnyamata chovala chake ndi manja ake, amati nduma, ndiye kuti wamulola. A Felizarda akuti ine ndinapereka nduma kwa Sebastiao kuseri kwa balani. Ndakana, ndalira, ndanena kuti ndinangomutuma. Bambo anafunsa kuti, pali mboni? A Felizarda anati mboni ndi komponi yonse, ndipo wamkulu wa mbonizo ndi Lazalo, amene ananena yekha kuti wasamba m'manja, wolifuna atole ndi mwini wake yemwe."

"Linali sewero."

"Dzulo silinali sewero, ndipo inu mukudziwa."

 Madzi akatayika saoleka, ndipo awa Lazalo anawataya yekha, pamaso pa anthu, akumuombera m'manja.

"Bambo akondwa," anapitiriza Esnat. "Akuti dzina langa laipa, ndipo ndi mwayi kuti pali banja lofuna kulitola. Awauza abwere Lamulungu ndi ankhoswe, nkhani ithe."

"Ndipo iwe? Ukumufuna Sebastiao?"

Esnat anamuyang'ana mpaka Lazalo anachita manyazi ndi funso lake.

"Mukufunsabe zomwezo. Munthu wodya uthenga wa mnzake ndingamufune? Koma kukana kwanga kokha sikukwanira. Mayi akuti ngati patapezeka munthu wamkulu wokuyimirani, wobwera kudzanena pamaso pa bambo kuti dukulo linali chikole chanu kuyambira kale, ndi kuti mukupepesa mwaulemu, bambo sangathe kulandira mbale ziwiri tsiku limodzi. Nkhani ingaimitsidwe."

Anapinda kampango kaja n'kukabwezera pamfundo ya nsalu, n'kumanga kawiri.

"Aka ndisunga. Sindinakukhululukireni, musadzinamize. Mwatsala ndi masiku asanu. Mupeze munthu mmodzi yekha pakomponi pano amene angakuyimireni osaseka."

* * *

Lazalo sanalowe n'komwe m'nyumba. Anasamba kumaso, anakung'untha maondo, n'kuyamba kuganiza za akulu onse a pakomponi. Woyamba kumubwerera m'mutu anali a Gray, bambo wachikulire wa ku Ntcheu, amene anabwera pa lole imodzi ndi malemu bambo ake. Ngati panali munthu woyenera kumumvera chisoni, anali iwowo.

Anawapeza pakhonde akusoka nsapato. Lazalo anavula chipewa patali, anayandikira mowerama, n'kugwada pansi. Anaomba m'manja katatu mwaulemu.

"Bambo, ndabwera ndi nkhani yolemera. Ine ndilibe mbale padziko lino. Bambo anga munkawadziwa. Ndikupempha mukhale nkhoswe yanga."

A Gray anasiya nsapato. Anamuyang'ana Lazalo kumaso, anayang'ana chipewa chimene chinali m'manja mwake, anayang'ana misozi imene inali itayamba kale kutsika. Masaya awo anayamba kugwedezeka.

"Bambo, sindikuseka. Chonde."

Apa ndiye a Gray anaphulika. Anaseka mpaka kutsokomola, akumenya bondo ndi nsapato ija, n'kutembenukira m'nyumba kuitana mkazi wawo.

"Amelia, tasiya zimenezo ubwere msanga. Itana ndi ana omwe. Lazalo wayamba lina latsopano, ndipo ili laposa ladzulo."